Diso la Bishopu pa Nyanja ya Malawi: Zinthu 12 Zodabwitsa za Udindo wa Achidikoni

Lolemba madzulo padoko la Nkhata Bay sipaoneka wamkulu kapena wamng'ono. Sitima ya Ilala ikamapakira za ku Chizumulu ndi ku Likoma, aliyense amalimbana ndi katundu wake: matumba a chimanga, malata, makatoni a sopo, njinga, mbuzi yomanga miyendo, ngakhale mitolo ya nkhuni, popeza kuchilumbako mitengo ndi yosowa. Tsiku lina m'chipwirikitimo ndinaona bambo wina wa kolala yoyera pakhosi, chikwama cha mapepala chili m'khwapa, akupanikizana ndi anthu polowera m'sitima. Mnyamata amene anawasenzera katoni ankangoti, "Pang'onopang'ono, a Venerable, pakuterera apa." Mayi wina wa chitenje cha Mothers' Union ataona kuti ndikuyang'anitsitsa anandinong'oneza kuti, "Amenewotu ndi achidikoni."

Munthu wa ku Nkhata Bay akamva za mishoni amayamba waganiza za Bandawe, kumene Dr Robert Laws ndi anzake a ku Scotland anakhazikika mu 1881, ndipo mpaka lero Atonga ambiri ndi a CCAP ya Sinodi ya Livingstonia. Koma doko lomweli ndi khomo la mpingo winanso, wa Anglican, umene mchombo wake unagwera ku Likoma. Mu mpingo umenewu muli udindo wina umene anthu amaumva kutchulidwa pa maliro ndi pa zikondwerero, osadziwa kumene unachokera. Nazi zina za udindowo.

1. Dzina ndi lalikulu, koma tanthauzo lake ndi kapitawo wa antchito.

Ife timamva "a" wakumayambiriroyo ngati wa ulemu, monga timanenera a Phiri kapena a Chirwa, mwakuti wina angayese kuti wopanda ulemu anganene "chidikoni". Ayi ndithu. Mawuwa ndi a Chigiriki. Chigawo choyamba chimatanthauza wamkulu, chachiwiri chimatanthauza wotumikira, munthu wotumidwa, woperekera chakudya. M'buku la Machitidwe mutu 6, atumwi anasankha amuna 7, Stefano ali momwemo, kuti aziyang'anira kagawidwe ka chakudya kwa amayi amasiye, chifukwa kunabuka madandaulo akuti ena akumanidwa. Mpingo umatenga amenewo ngati chiyambi cha madikoni. Akhristu atachuluka, bishopu wa mzinda ankasankha mmodzi mwa madikoni ake kuti azisunga thumba la ndalama, nkhokwe ndi mndandanda wa osauka. Ameneyo ndiye achidikoni, ndipo dzinali likupezeka m'zolembedwa kuyambira zaka za m'ma 300. Udindowu unabadwira pa mkangano wa chakudya ndi ndalama, ndipo kunena zoona sunasunthepo kwenikweni.

2. Palibe amene amadzozedwa kukhala achidikoni.

Madzozedwe mu mpingo wa Anglican alipo atatu basi: dikoni, wansembe ndi bishopu. Uwu ndi udindo wongopatsidwa ndi bishopu, ndipo ukhoza kuchoka pamutu pa munthu iye n'kukhalabe wansembe. Masiku ano amapatsa wansembe amene watumikira nthawi, koma kale sizinali choncho. Lawrence wa ku Roma, amene anaphedwa mu 258 ndipo mbiri ya mpingo imati anawotchedwa pa chitsulo chonga chowotchera nyama, anali dikoni chabe, ngakhale chuma chonse cha mpingo wa mumzindawo chinali m'manja mwake. Thomas Becket anakhala achidikoni a ku Canterbury mu 1154 asanakhale wansembe. Unsembe anaulandira pa 2 Juni 1162, m'mawa mwake n'kudzozedwa kukhala akibishopu. Tsiku limodzi lokha pa unsembe! Kwathu kuno akanati walumpha mzere.

3. Nthawi ina udindowu unanunkha, mpaka Akatolika anautaya.

M'zaka za pakati pa 1100 ndi 1300, maachidikoni a ku Ulaya anali ndi mabwalo awoawo a milandu. Ankazenga anthu za chigololo, za kusapereka chakhumi, za chuma cha masiye, ndipo chindapusa chambiri chinkathera m'matumba mwawo. Anadedwa kwambiri moti ophunzira a nthawiyo ankafunsana monyogodola ngati achidikoni angathe n'komwe kukalowa kumwamba. Mabishopu nawonso anayamba kuwaopa, chifukwa galu amene unamuweta kuti azikulondera akanenepa amayamba kukuuwa mwini wake. Msonkhano waukulu wa Akatolika wa ku Trent, umene unatha mu 1563, unawadula mapiko, ndipo ntchito yawo inapita kwa vika jenerale. N'chifukwa chake Mkatolika wa ku Nkhata Bay sanamvepo za achidikoni m'parishi mwake. Mpingo wa ku England, umene unali utapatukana kale ndi Roma, unausunga udindowu, ndipo kuchokera kumeneko unadzafika kunyanja kuno.

Ntchito yake lero tingaiyerekeze ndi ya agulupu. Bishopu ali ngati mfumu yaikulu, wansembe wa parishi ali ngati nyakwawa, achidikoni ali pakatipo, akuyang'anira maparishi angapo, nthawi zambiri ali ndi parishi yawoyawonso. Akafika pa tchalitchi samangolalikira n'kudya nkhuku. Amaitanitsa buku la ubatizo ndi la maukwati, amafunsa za chopereka ndi gawo lopita ku dayosizi, amakweza maso kudenga kuona ngati chiswe chalowa m'mitanda, amayendera nyumba ya wansembe, amamva nkhani ya kwaya imene yakangana ndi akuluakulu a mpingo. Msungichuma amatuluka thukuta tsiku limenelo ngakhale kuli mwera. Akale anautcha udindowu "diso la bishopu". Mawu amenewa muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

4. Bishopu woyamba wa Anglican kufika m'dziko muno anali achidikoni, ndipo ubishopu anaudya miyezi 13 yokha.

David Livingstone atalankhula ku yunivesite ya Cambridge pa 4 Disembala 1857, kunabadwa bungwe la Universities' Mission to Central Africa, lodziwika kuti UMCA. Pofuna mtsogoleri anapeza Charles Frederick Mackenzie, amene kuyambira 1855 anali achidikoni ku Natal pansi pa Bishopu John Colenso. Anadzozedwa ubishopu ku Cape Town pa 1 Januwale 1861, ndipo pakati pa chaka chomwecho anamanga msasa ku Magomero pamodzi ndi akapolo amene anawomboledwa panjira. Mu Januwale 1862 anatsika ndi mtsinje wa Shire kukakumana ndi Livingstone pamene Ruo amathira m'Shire. Bwato linagudubuka, mankhwala onse, ndi kwinini yemwe, n'kupita ndi madzi. Malungo anamupeza wopanda chodzitetezera, ndipo anamwalira pa 31 Januwale 1862. Womulowa m'malo, William Tozer, anasamutsira mishoni ku Zanzibar mu 1864. Panapita zaka pafupifupi 20 a UMCA asanabwererenso kuno.

5. Achidikoni oyamba a ku Likoma anakhala bishopu masiku 65, ndipo sanafike pampando wawo.

Chauncy Maples anafika ku Likoma mu 1886, mishoni ya pachilumbapo ili ndi chaka chimodzi, ndipo anali achidikoni a dera lonse la kunyanja. Anthu ankamukonda: anali wansangala, wodziwa kuimba, wokonda kulemba ndi kusindikiza. Pa 29 Juni 1895 anadzozedwa kukhala Bishopu wa Likoma m'tchalitchi chachikulu cha St Paul ku London. Pobwerera, atafika kumwera kwa nyanja, anakwera boti la chitsulo la matanga lotchedwa Sherriff. Usiku wa pa 2 Sepitembala namondwe anawapeza chakufupi ndi gombe la ku Salima, boti n'kutembenuka. Amalinyero achikuda anasambira n'kufika kumtunda. Maples ankadziwa kusambira, koma anali atavala mkanjo wake wautali wa unsembe, ndipo utanyowa unamulemera. Anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams. Mtembo wake unapezeka patapita masiku, ndipo unaikidwa ku Nkhotakota.

Taonani mmene zinayendera: maachidikoni awiri, onse anakwezedwa, onse bwato linawagudubukira chaka chisanathe bwino kapena chitangotha. Wachitatu amene tikumufikayu sanakwezedwe konse, ndipo ndi amene anakalamba panyanja.

6. "Diso la bishopu" lotchuka kwambiri panyanja ino linali la munthu wosaona bwino.

William Percival Johnson anabadwa mu 1854, ndipo anaphunzira ku University College, Oxford, komwe anali mnzake wa ponda apa nane mpondepo wa Maples. Anali katswiri wopalasa boti pa mipikisano ya pasukulupo, ndipo njira yake inali yolunjika ku ntchito yapamwamba ya boma ku India. Koma atamva pempho la Bishopu Edward Steere lofuna anthu, anasiya zonse n'kulowa UMCA mu 1876. Anayamba ku Masasi, kenako ku Mwembe, kwa mfumu Mataka ya Ayao, kumene anathamangitsidwa mu 1881 anthu atamuganizira kuti ndiye amaulula za maulendo a akapolo kwa Angerezi. Mu 1882 anafika pagombe la kum'mawa kwa nyanja ino pamodzi ndi Charles Janson, amene anamwalira atangofika kumene.

Johnson anaona kuti midzi ya m'mbali mwa nyanja singayendereke pansi, ndiye anapita ku England kukapempha sitima. Anaipeza, yopakira zidutswazidutswa. Koma ali ku Quelimane mu 1884, akuperekeza katunduyo, nthenda ya maso inamugwira mpaka anachita khungu. Anabwerera kwawo, madokotala anamuchita opaleshoni, ndipo diso limodzi linayambanso kuona, mwa mbuu. Moyo wake wonse wotsala ankawerenga buku atalifikitsa pamphuno penipeni. Wina akanati basi, ndayesetsa, n'kukhala kwawo. Iye anabwerera kunyanja mu 1886.

Mu 1896, mnzake Maples atamira, Johnson anapatsidwa udindo wa achidikoni a Nyasa, ndipo anaugwira zaka 32, mpaka imfa. Pa zaka 52 zimene anatumikira mu Africa anagwira ntchito pansi pa mabishopu 7: Steere, Smythies, Hornby, Maples, Hine, Trower ndi Fisher. Sanali munthu wofewa. Anali wouma mutu, wosasamala za kudya kapena kuvala, wofuna kuti aliyense apirire zimene iye ankapirira, ndipo kugwira naye ntchito sikunali masewera. Ine ndimaona kuti mpingo unachita mwayi posamupatsa chisoti cha ubishopu. Akanamutsekera mu ofesi, akanangovutika ndi kuvutitsa anzake. Mwa mabishopu 7 aja, Mkhristu wamba wa lero angatchulepo mmodzi kapena awiri. Koma Johnson amatchedwa mtumwi wa kunyanja.

7. Ofesi ya achidikoni inali sitima, ndipo ophunzira ankasanza.

Sitima yoyamba ija inatchedwa Charles Janson, ndipo inayamba kuyandama mu 1885. Johnson ankakhala momwemo, akuyenda mudzi ndi mudzi, kutsitsa mphunzitsi apa, kuyesa ana asukulu apo, kubatiza, kupakira nkhuni za injini, n'kupitirira. Maples atamwalira, anzake ku England anasonkha ndalama zogulira sitima yaikulu ya dzina lake. Inapangidwa ku Glasgow, n'kuphwasulidwa kukhala zidutswa 3,481. Zinadzera ku Zambezi ndi Shire, ndipo pa mathithi anthu anazisenza pamutu. Boyila yokha, yolemera matani 11, inakokedwa pamtunda ndi Angoni 450. Vuto lina linali loseketsa: manambala olozera kuti chidutswa ichi chilumikizane ndi chiti anafufutika pamene ankazikuta ndi mankhwala oletsa dzimbiri, ndiye amisiri anatha zaka ziwiri akuyerekeza ngati mwana wolumikiza chibade cha mphika wosweka. Chauncy Maples inalowa m'madzi mu 1901.

M'sitimamo munali tchalitchi, sukulu ndi pothandizira odwala. Johnson ankafuna kuti ngakhale ophunzira za unsembe aziphunzirira momwemo, kuti asazolowere moyo wa pamishoni wotalikirana ndi anthu. Ganizo labwino, koma funsani amene anakwerapo Ilala mwezi wa Julayi. Augustine Ambali, amene anagwidwa ukapolo ali mwana, n'kuwomboledwa, n'kudzakhala mtsogoleri wa mpingo ku Msumba, anali mmodzi wa ophunzirawo. M'buku la mbiri ya moyo wake anadandaula poyera kuti kuphunzira m'sitima kunali kosatheka: mafunde tsiku ndi tsiku, phokoso la anthu, popanda pokhala chete n'kupemphera, ndiponso iwo sanali amalinyero. Mu 1905 sukulu ya zaunsembe ya St Andrew inatsegulidwa pamtunda, pa Likoma. Apa achidikoni anagonja, ndipo Ambali ndiye ankanena zoona. Sitima ya Chauncy Maples ija mpingo unaigulitsa ku boma mu 1953, ndipo patsogolo pake inadzanyamula anthu wamba panyanja pano.

8. Johnson, asanakhale achidikoni, anavulidwapo zovala pagulu.

Mu 1888 Johnson anatsika kwa mfumu Makanjira, kum'mwera chakum'mawa kwa nyanja, pamodzi ndi John Buchanan, amene ankaimira boma la Britain. Makanjira ankalemera ndi malonda a akapolo ndi minyanga, ndipo sankafuna zomuuza chochita. Anthu ake anawagwira awiriwo, kuwavula, Buchanan n'kumukwapula, ndipo anawamasula a m'sitima atapereka katundu wowombolera. Nthawi imeneyo mzungu panyanja pano anali mlendo wopempha malo, mwini dziko ali pomwepo.

9. Baibulo la ku Likoma linatsogola Buku Lopatulika ndi zaka 10.

Ambiri timadziwa kuti Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ntchito imene anatsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed. Koma mu 1912 Baibulo lonse linali litatuluka kale m'Chinyanja cha kunyanja, chija amalankhula ku Likoma ndi kugombe la Mozambique, ndipo mutu wake unali Chikalakala Choyera. Gawo lalikulu anamasulira ndi Johnson, munthu wa diso limodzi lofooka, m'kachipinda ka sitima yogwedezeka, mothandizidwa ndi aphunzitsi achikuda amene ankamuwerengera ndi kumukonza chilankhulo. Mayina a aphunzitsiwo sanalembedwe pachikuto, monga zinkakhalira nthawi imeneyo. Yunivesite ya Oxford inamupatsa digiri yaulemu ya udokotala wa zaumulungu mu 1911. Analembanso mabuku awiri a Chingerezi, Nyasa, the Great Water mu 1922 ndi My African Reminiscences mu 1924.

10. Dera la achidikoni mmodzi lija lero lili m'mayiko atatu, ndipo Nkhata Bay inalowamo ndi mfuti.

Johnson atayamba ntchito kunalibe malire a mayiko panyanja. Azungu atagawana, gombe la kum'mawa linadulidwa pawiri: kumpoto kwa Ajeremani, kumwera kwa Apwitikizi. Likoma ndi Chizumulu zili m'madzi a Mozambique, ndipo munthu ali pa Likoma amaona Cobue ndi maso, koma zilumbazi zinatsalira m'manja mwa Angerezi chifukwa pamenepo ndi pamene panali likulu la UMCA. Kunena mosapsatira, anthu a ku Likoma ndi Amalawi lero chifukwa cha mishoni. Zilumbazi zinali mbali ya boma la Nkhata Bay mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene Likoma inakhala boma palokha.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu Ogasiti 1914, sitima ya boma ya Guendolen inanyamuka pa Nkhata Bay pompano usiku, kuwoloka kupita ku Sphinxhaven, kumene sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann inali pamtunda ikukonzedwa. Kaputeni Rhoades wa Guendolen anailasa ndi mzinga. Mnzake wa Chijeremani, Kaputeni Berndt, amene ankamwera naye limodzi, sankadziwa n'komwe kuti kwayamba nkhondo, ndiye anabwera pa kaboti akukalipa, akuyesa kuti mnzakeyo waledzera. Anangomugwira n'kukhala mkaidi. Olemba mbiri amaiwerenga ngati nkhondo yoyamba ya pamadzi imene Britain inapambana pa nkhondo yonseyo. Sitima ya mishoni ya Chauncy Maples nayo inalandidwa ndi boma n'kumanyamula asilikali, achidikoni n'kutsala opanda ofesi.

Sphinxhaven imeneyo ndi Liuli wa lero, ku Tanzania. Kumeneko ndi kumene Johnson anamwalira pa 11 Okutobala 1928, ali ndi zaka 74, ndipo manda ake ali komweko. Akhristu a kumeneko amamutenga ngati woyera mtima, ndipo tsiku la 11 Okutobala lili pa kalendala ya mpingo. Dera lake linagawika pang'onopang'ono. Mbali ya Tanganyika inakhala dayosizi payokha mu 1952. Mbali ya Mozambique inaperekedwa ku dayosizi ya Lebombo, ndipo pambuyo pake inadzakhala dayosizi ya Niassa. Kumeneko, ku Messumba, kunali achidikoni ena otchuka, John Paul, amene anaona ndi maso nkhondo ya Frelimo ndi Apwitikizi m'zaka za m'ma 1960 n'kudzalemba buku la zimene anaonazo.

11. Akuda anadikira nthawi yaitali, ndipo mmodzi atafikapo anapezeka ali m'nyumba ya malamulo.

Apa ndi pamene mbiri ya UMCA imachititsa manyazi pang'ono. Bungweli linkanena kuyambira pachiyambi kuti likufuna mpingo wa Aafrika wotsogozedwa ndi Aafrika, ndipo ansembe achikuda linali nawo msanga. Yohana Abdallah, mwana wa mfumu, anakhala wansembe mu 1898, anagwira ntchito ku Unangu, ndipo analemba mbiri ya Ayao imene akatswiri akuigwiritsabe ntchito. Ambali uja anakhala dikoni zaka 8 asanalandire unsembe mu 1906. Leonard Kamungu wa ku Chia anadzozedwa unsembe mu 1909, anapita kukayambitsa ntchito ku Msoro, kum'mawa kwa Zambia, ndipo anamwalira komweko mu 1913. Sukulu ya zaunsembe ya Anglican ku Zomba ili ndi dzina lake. Amuna ngati amenewa ankayendetsa madera akuluakulu okha. Koma mpando wa achidikoni, umene umagwira ndalama ndi kulamula ansembe ena, unkangozungulira pakati pa azungu, monga Arthur Glossop amene anakhala zaka zambirimbiri pa Likoma. Kubatiza ndi kuika maliro, wakuda ankaloledwa. Kiyi wa sefa ndiye ayi.

Zinthu zinatembenuka nthawi ya Bishopu Donald Arden, amene analowa m'malo mwa Frank Thorne mu 1961, mphepo ya ufulu ili kuwomba. Mmodzi wa Amalawi amene anafika pa udindowu ndi a Habil Chipembere a ku Malindi, ku Mangochi, bambo ake a Henry Masauko Chipembere. Pa chisankho cha mu Ogasiti 1961 Masauko anali m'ndende, atamangidwa ndi boma la atsamunda chifukwa cha zolankhula zake. Chipani cha Malawi Congress chinaimika bambo akewo, ndipo anapambana n'kumusungira mwana wawo mpando wa Fort Johnston mpaka atatuluka mu 1963. Ndiye kunabwera kusamvana kwa nduna ndi Dr Banda mu Sepitembala 1964, ndi kuukira kwa Masauko mu Febuluwale 1965 kumene kunathera pa doko la Liwonde. Zitatero banja lonse linalowa m'mavuto, ndipo achidikoni aja nawonso anakathera ku Tanzania, kutsidya kwa nyanja yomwe ija. Masauko anamwalirira ku America mu 1975.

12. Mpando wa bishopu wa kumpoto uli kutsidya kwa madzi, ndipo njira yake ndi ya pa Nkhata Bay.

Mmalawi woyamba kukhala bishopu wa Anglican, a Josiah Mtekateka, anabadwira pa Likoma mu 1903, ndipo nawonso anadzera pa udindo wa achidikoni, koma ku Tanganyika, kumene anatumikira zaka zambiri. Anadzozedwa mu 1965 kukhala bishopu wothandiza, patapita zaka 104 chidzozedwere Mackenzie. Mu 1971 dayosizi ya Malawi inagawidwa pawiri, ndipo iwo anatenga ya Lake Malawi. Mu 1995 kunabadwa dayosizi ya Northern Malawi, bishopu wake woyamba ali Jackson Biggers wa ku America, kenako Christopher Boyle, ndipo mu 2010 a Fanuel Magangani. Ya Upper Shire inabwera mu 2002, madayosizi n'kukwana anayi. Nyanja imene kale inali ndi achidikoni mmodzi tsopano ili ndi ambiri, aliyense ndi maparishi ake.

Chodabwitsa n'chakuti ofesi ya dayosizi ya kumpoto ili ku Mzuzu, koma tchalitchi chake chachikulu, mmene muli mpando wa bishopu, ndi St Peter pa Likoma. Mwala wa maziko anauika Bishopu Gerard Trower mu Januwale 1903, pamalo otchedwa Chipyela, pamene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Mapulani anajambula ndi Frank George, omanga anali anthu a pachilumba pomwepo, amuna ndi akazi, ndipo chinapatulidwa mu 1911. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 100, pa chilumba chimene munthu amachiyenda pansi kuchoka uku kufika uko tsiku lisanapendeke. M'katimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, ku Zambia, umene pansi pake anakwirirapo mtima wa Livingstone.

Tsono bishopu, achidikoni, wansembe wosamutsidwa ndi mabedi ake, amayi opita ku msonkhano, simenti yokonzera khoma la St Peter, onsewa amatsika phiri kuchoka ku Mzuzu, mtunda wosakwana makilomita 50, n'kudzaima padoko la Nkhata Bay kudikira chombo, pokhapokha wina atapeza ndege. Mukadzakhala padokopo m'mawa kunja kutayera bwino, dzayang'aneni kum'mawa. Mapiri amene amaoneka mwa buluu kutsidyako ndi a gombe limene Johnson ankaliyendera, ndipo Liuli ali chakumanzere kwanu.